Adamu Anabisala M'mitengo: Mantha, Manyazi ndi Kachilombo ka HIV

  Ndilankhula m'Chichewa monga mwa nthawi zonse kuti ndi anzathu a ku Kasungu atimve. Tamandani Ambuye!

Nkhani ya lero ndi yolemera. Ngati pali ana aang'ono pafupi ndi wailesi, atumeni akasewere kaye panja. Koma inu akuluakulu musatseke, chifukwa zimene ndinene zikhoza kupulumutsa mwana wanu, mlamu wanu, kapena inu amene.

Mukafika kunyumba mukawerenge Genesis mutu 3. Mupeza kuti Adamu atadya chipatso chija sanagwe pomwepo n'kufa. Choyamba chimene anachita ndi kusoka masamba, chachiwiri kuthawira pakati pa mitengo. Mulungu atamuitana, iye anati wabisala chifukwa cha mantha. Tsono taonani, amene anayamba kufunafuna mnzake ndi Mulungu. Munthu ali kubisala, Mulungu ali kuyenda m'munda kumuitana. Gwirani chithunzi chimenecho.

Lero ndikulankhula za amuna amene amagonana ndi amuna anzawo, ndi za kachilombo ka HIV pakati pawo. Ndikudziwa kuti wina wati, "Aaa, abusa, zimenezo n'za ku Blantyre, n'za azungu, kuno kwa Angoni kulibe." M'bale wanga, ndakhala pa ubusa zaka zambiri, ndipo khomo la m'busa limagogodedwa usiku. Alipo. Ali m'midzi yathu, ali m'makwaya athu, ena ali ku Joni akutumiza ndalama zomangira nyumba za malata zimene tikunyadirazi. Ena a iwo ali pa banja ndipo ali ndi ana.

Mundimve bwino pano, musakandinamizire mawa. Chiphunzitso cha mpingo wathu pa ukwati mukuchidziwa: mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Sindinabwere kudzachisintha. Koma funso langa lero ndi lina: kodi munthu amene ine sindigwirizana ndi njira yake ayenera kufa ndi matenda amene mankhwala ake alipo, aulere, pa chipatala cha pa Boma pomwepa? Yankho langa ndi lakuti ayi. Mtembo sungamve ulaliki. Ngati tikufuna munthu amve uthenga, ayambe wakhala ndi moyo. Ameni?

Tiyeni tione kukula kwa nkhaniyi. Edzi inapezeka koyamba m'Malawi muno mu 1985. Amene tili ndi zaka makumi anayi ndi kupitirira tikukumbukira mmene tinkaikira maliro mlungu ndi mlungu. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere, ndipo zinthu zinasintha. Kafukufuku wamkulu wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 9 mwa 100 alionse ali ndi kachilomboka, ndipo mwa amenewo pafupifupi 88 mwa 100 akudziwa kale mmene m'thupi mwawo mulili. Imeneyo ndi ntchito yaikulu, tithokoze Mulungu.

Koma mverani za gulu limene tikukambali. Mu 2008 bungwe la CEDEP, pamodzi ndi akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins ya ku America, anayeza amuna ogonana ndi amuna anzawo kuno ku Malawi. Anapeza kuti 21 mwa 100 alionse anali ndi kachilombo. Ndipo chimene chimandilasa mtima ndi ichi: mwa 20 alionse amene anapezeka nako, pafupifupi 19 sankadziwa. Kafukufuku wina anachitika pakati pa 2011 ndi 2014 m'madera 7, kuphatikizapo Mzuzu ndi Nkhata Bay. Chiwerengero chinali chosiyanasiyana, ku Mulanje pafupifupi 25 mwa 100, ku Mzuzu pafupifupi 4 mwa 100, koma nkhani inali yomweyo: pafupifupi onse amene anapezeka nako ananena kuti aka n'koyamba kumva. Musati mukamva za Mzuzu muziti kumpoto kuli bwino. Anyamata athu a ku Mzimba amayenda. Lero ali pa Jenda, mawa ku Lilongwe, mkuja ku Johannesburg.

Tsono chipatala chilipo, kuyezetsa n'kwaulere, mankhwala alipo. N'chifukwa chiyani anthu amenewa sakufika? Vuto si mtunda wa msewu ayi. Vuto lili mumtima ndi m'maganizo. Ndikupatsani zinthu zinayi.

Choyamba ndi mantha. Malamulo a dziko lino amati mwamuna wopezeka wolakwa pa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 14. Tonse tikukumbukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anamangidwa ku Blantyre mu Disembala 2009, n'kulamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, mpaka pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu Julayi 2023 mipingo inayenda m'misewu ya m'mizinda yathu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti malamulo aja akhalebe. Ine sindine loya, ndipo sindikuweruza mlandu pano. Ndikungofuna muone zimene zimachitika m'mutu mwa mnyamata wa zaka 22 amene wamva zonsezi. Akatuluka zilonda kumalo obisika, amaganiza kuti, "Ndikakaonetsa adokotala, andifunsa kuti zabwera bwanji. Namwino uja amapemphera ndi amayi anga. Mawa mudzi wonse udziwa, mkuja apolisi." Ndiye amagula timapilisi pa msika, amamwa zitsamba, amapirira. Chilonda chija chikukula, ndipo chilonda ndi khomo lotsegula la kachilombo. Mantha samuchotsa munthu pa mchitidwe wake, amangomuchotsa pa mzere wa kuchipatala.

Chachiwiri ndi manyazi, amene pamapeto pake amasanduka kudzida. Mwana akakula akumva mawu akuti mathanyula akuponyedwa ngati mwala, akumva kuti anthu otere ndi oipa kuposa agalu, amayamba kukhulupirira kuti iye ndi chinyalala. Tsono ndikufunseni amayi: kodi mumatsuka ndi kusamala mphika umene mwauyesa wotayika? Munthu amene wadziyesa wopanda pake sadziteteza. Amati, "Ine ndine wa ku gehena kale, kondomu indithandiza chiyani?" Apa ndi pamene mowa umalowera. Amamwa kuti aiwale, ndipo ali chiledzerere amachita zimene sakanachita ali bwinobwino, ndi munthu amene sakumudziwa n'komwe dzina. Kukacha, manyazi awirikiza, ndiye amwanso. Ena amafika pofuna kudzipha. Davide mu Salimo 32 akufotokoza kuti nthawi imene anakhala chete ndi chinsinsi chake, thupi lake lomwe linafooka. Mfumu ija inadziwa kale zimene aphungu a za maganizo akutiuza lero, kuti katundu wobisika mumtima amadwalitsa thupi.

Chachitatu ndi kusadziwa, kumene kumabala kudzinamiza. Kwa zaka zambiri mauthenga onse a Edzi, pa wailesi, pa zikwangwani, m'masewero, ankaonetsa mwamuna ndi mkazi. Choncho anyamata ena anakula akuganiza kuti kachilombo kamachokera kwa akazi basi, ndipo kugona ndi mwamuna mnzako kulibe ngozi poti palibe mimba. Limenelo ndi bodza lakupha. Ndinena mosabisa, mundikhululukire akuluakulu: kugonana kodzera njira ya kumbuyo n'kumene kumapatsirana kachilombo mosavuta kuposa njira ina iliyonse yogonana, chifukwa khungu la m'kati mwa malo amenewo ndi lopyapyala, silichedwa kung'ambika. Ndipo mnyamata ameneyu akafunse kwa yani? Kwa atsibweni ake? Kwa abusa? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma nanga ngati ife tatseka makomo onse ofunsirako, mlandu wa phulalo ndi wa yani? Palinso kudzinamiza kwina: "Mnzangayu ndi wonenepa, ndi wooneka bwino, ndimamukhulupirira." Kachilombo sikalembedwa pa nkhope. Munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri ali wojintcha, akusewera mpira.

Chachinayi ndi moyo wapawiri. Kuno ku Mzimba mnyamata akafika msinkhu, azakhali amayamba kufunsa kuti ng'ombe za lobola zipita liti. Ndiye iye, pofuna kutseka pakamwa pa anthu, amakwatira. Masana ndi bambo wa pa nyumba, usiku ali ndi moyo wina umene palibe akuudziwa. Munthu wotere sangasunge makondomu, poopa kuti mkazi awapeza m'thumba. Sangayambe kuvala kondomu m'nyumba, poopa funso lakuti, "Bwanji lero?" Zochita zake ndi zachangu, zamumdima, zosakonzekera. Ndipo alipo anthu oipa mtima amene amagwira chinsinsi chake n'kumamuopseza kuti, "Ukapanda kundipatsa ndalama ndikuulula." Ofufuza aja anapezanso kuti ambiri mwa amunawa amagonanso ndi akazi. Tsono inu amene mumati nkhaniyi sikukhudzani, taganizani: mkazi amene ali m'nyumba imeneyo ndi mwana wa yani? Ndi mlongo wa yani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikuuzeni za munthu wina, dzina ndi mudzi sinditchula. Anabwera kwathu usiku ngati Nikodemo, atadwala miyezi. Anandiuza zonse, akunjenjemera, akudikira kuti ndimuthamangitse. Anati anapitapo pa chipatala china, ndipo amene anamulandira, atamva vuto lake, anatuluka kukaitana anzake kuti adzaone. Kuchokera tsiku limenelo analumbira kuti bola kufera m'nyumba. Tinapemphera, kenako ndinamuuza kuti mawa m'mawa tikwera limodzi kupita ku chipatala china. Ndinakhala naye pa benchi mpaka dzina lake linaitanidwa. Anapezeka nako, anayamba mankhwala. Patapita masabata anauza mkazi wake, ine ndi mayi busa tili pomwepo. Kunali kulira, sindikunamizani, ndipo banja limenelo likadali ndi mabala ake. Koma mayi uja anayezetsa, akulandira chithandizo, ndipo mwana amene anabadwa pambuyo pake alibe kachilombo. Aleluya! Anthu atatu amenewo akanakhala manda atatu.

Tsono ndilankhule ndi iwe m'bale wanga amene watsitsa mawu a wailesi kuti a m'nyumba asaone kuti nkhaniyi yakukhudza. Za moyo wako wauzimu khomo langa ndi lotsegula, tidzakhala pansi ndi Baibulo. Koma pali zinthu zimene sizidikira.

Kayezetse. Ngati ukuopa chipatala cha pafupi, pita kwina kumene sakudziwa. Chipatala cha boma pa Mzimba chilipo, cha mishoni ku Embangweni chilipo. Palinso tizipangizo todziyezera wekha, topaka m'nkhama, timene timaonetsa zotsatira pa mphindi 20. Zikaonetsa kuti kachilombo kalipo, upite kuchipatala akatsimikize. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka, ndipo limati zotsatira zako ndi chinsinsi chako. Wachipatala wina akakunyoza, usaweruze onse. Alipo ambiri a mtima wabwino.

Ukapezeka nako, kuyambira 2016 sadikiranso kuti udwale, amakuyambitsa ma ARV nthawi yomweyo. Ukamamwa mokhulupirika tsiku ndi tsiku, pakatha miyezi ngati 6 kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina osakaona, ndipo kakakhala kotero supatsira munthu pogonana. Imva bwino: sikuti wachira, ukasiya mankhwala kamabwerera. Koma ukhala ndi moyo, ulera ana ako.

Ukapezeka ulibe, usunge mwayi umenewo. Njira yoposa zonse ndi kudziletsa, ndipo ndidzailalikira mpaka tsiku langa lomaliza. Koma ngati ukudziwa mumtima mwako kuti sunasiye, usawonjezere imfa pamwamba pake. Gwiritsa ntchito kondomu nthawi iliyonse, pamodzi ndi mafuta oterera amene amapereka kuchipatala. Vaseline, mafuta odzola ndi mafuta ophikira amaononga mphira, kondomu imaphulika. Alipo mankhwala otchedwa PrEP amene munthu wopanda kachilombo amamwa kuti asakatenge, kafunse. Ndipo ngati zachitika kale, kondomu yaphulika, kapena wagwiriridwa, thamangira kuchipatala pasanathe maola 72. Akupatsa mankhwala otchedwa PEP, omwa masiku 28. Usadikire Lamulungu kuti abusa akupempherere kaye. Thamanga, tidzapemphera ukabwerako.

Wina ati, "Abusa akulalikira makondomu pa wailesi!" M'bale, munthu akagwa m'chitsime, umayamba wamuponyera chingwe. Zoti anafikamo bwanji mumakambirana ali kunja.

Ndipo ngati uli pa banja, mkazi wako ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Sanalakwe kanthu. Ngati sungathe kunena zonse lero, yamba ndi kumutenga kuti mukayezetse limodzi. Aphungu a kuchipatala anaphunzitsidwa kuthandiza mabanja pa nthawi yovuta ngati imeneyo. Madzi akatayika saoleka, choncho chita lero pamene mtsuko usanasweke.

Tsopano kwa azibusa anzanga ndi aneneri. Ife a Pentekoste timakhulupirira machiritso, ndipo ine ndaona Mulungu akuchiritsa. Koma m'busa amene amauza munthu kuti ataye ma ARV poti wapemphereredwa, magazi a munthuyo ali pa manja ake. Kumbukirani 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa Billy Chisupe kukamwa mchape. Edzi inatha kodi? Maliro anapitirira. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, ndipo Paulo ankayenda naye. Pemphero ndi mankhwala si adani. Ndiponso munthu akakuululirani chinsinsi chake, musakachisandutse ulaliki wa Lamulungu kapena umboni wa pa msonkhano wa chitsitsimutso. Mukatero, anthu khumi amene amafuna kubwera kwa inu abwerera ku mitengo kuja kwa Adamu. Ku Uganda kuli wansembe wa Anglican, Canon Gideon Byamugisha, amene mu 1992 anaima poyera n'kunena kuti ali ndi kachilombo. Iye wakhala akuphunzitsa kuti kusalana, manyazi, kukana choonadi ndi kukhala chete zimathandiza kachilombo kufala. Kuno kwathu liliponso bungwe la MANERELA+ la atsogoleri a zipembedzo okhudzidwa ndi HIV. Tisachite manyazi kukaphunzira kwa anzathu.

Pa Yohane mutu 8 anabweretsa kwa Yesu mkazi wogwidwa m'chigololo, miyala ili kale m'manja. Onani ndondomeko ya Ambuye. Anayamba wachotsa miyala, mkazi uja n'kukhala ndi moyo, kenako ndi pamene anamulangiza za kusiya tchimo. Akanayamba ndi miyala, malangizo akanawamva ndani? Ife timakonda kutembenuza ndondomeko imeneyi.

Kwa inu makolo, adada ndi amama. Mwina mwamva mphekesera za mwana wanu, mtima ukuwawa, mukuona ngati dzina la banja lanyozeka. Ndikumvetsa. Koma mukamuthamangitsa, akupita kuti? Akagona kwa aliyense amene amupatse malo ndi nsima, ndipo kumeneko sangakane chilichonse chimene amuuze. Mwamuchotsa pa khonde lanu n'kumuika m'kamwa mwa ng'ona. Mukhoza kukana zochita zake koma mbale yake ya nsima ikhalebe pa mphasa. Mufunseni ngati anayezetsa. Muperekezeni. Mwana amene akudziwa kuti kwawo akumufunabe amakhala ndi chifukwa chodzisamalira.

Kwa inu anamwino ndi madokotala amene mumapemphera nafe: Msamariya wa pa Luka mutu 10 sanamufunse munthu wovulala uja kuti ankatani pa msewu woopsa. Anatsuka mabala, namunyamula. Chipinda chanu chopimira chikhale malo amene munthu anganene zoona popanda kuopa kuti zikamveka ku msika. Umenewo ndi utumiki wanu, ndipo Mulungu akuuona.

Kwa mpingo wonse: samalani nthabwala zanu. Mawu amene mumaseka nawo pa bawo kapena pa chitsime, pali wina pakati panu amene akuwameza ngati poizoni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nthawi yathu yatha. Kulikonse kumene muli, ngati mungathe, weramitsani mutu tipemphere.

Atate wakumwamba, Inu amene munayenda m'munda kufunafuna munthu wobisala, fikani usiku uno kwa aliyense amene wamangidwa ndi mantha ndi manyazi. Amene akuganiza zodzipha, gwirani dzanja lake, mumutumizire munthu woti alankhule naye. Amene akuopa kukayezetsa, mupatseni mphamvu kuti mawa adzuke apite. Amene anasiya mankhwala, abwerere. Tetezani amayi ndi ana m'mabanja athu. Tipatseni ife azibusa, makolo ndi achipatala pakamwa posunga chinsinsi ndi manja opanda miyala. Tapemphera m'dzina la Yesu Khristu. Ameni.

Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Amene mwamva uthengawu, kauzeniko mnzanu mwakachetechete.